Timu ya mpira ikagulitsidwa, amadya ndani?

Mu 2003, Roman Abramovich adagula timu ya Chelsea pa mtengo wa £140 miliyoni, kuphatikizapo ngongole zomwe timuyo inali nazo. Mu May 2022, boma la Britain litamumanga manja kaamba ka nkhondo ya ku Ukraine, timu yomweyo idagulitsidwa kwa Todd Boehly ndi kampani ya Clearlake Capital pa £2.5 biliyoni, ndipo ogulawo adalonjeza kuthiramo £1.75 biliyoni ina pamwamba. Munthu akangomva mitengo iwiriyi atha kuganiza kuti mu mpira ndalama amachita kutola. Komatu pa zaka 19 zomwe Abramovich adali mwini wake, zaka zambiri Chelsea inkawononga ndalama zoposa zomwe inkapeza, moti mkuluyo adaibwereka pafupifupi £1.5 biliyoni za m'thumba mwake kuti iziyenda. Nanga bizinesi yomwe ikuluza chaka ndi chaka mtengo wake umakwera bwanji chonchi? Funso limeneli likayankhidwa, zambiri zomwe zimatizunguza pa mpira wa masiku ano zimamveka.

Tiyambe ndi komwe ndalama zimalowera. Kale timu inkadalira ndalama za pachipata, zomwe ochemerera amalipira polowa m'bwalo. Lero ku England zimenezi ndi gawo laling'ono. Ndalama zenizeni zimachokera ku makampani a wailesi yakanema omwe amagula ufulu woonetsa masewero. Mgwirizano womwe Premier League idasaina ndi Sky Sports ndi TNT Sports woonetsa masewero m'dziko la Britain mokha kuyambira 2025 mpaka 2029 ndi wa £6.7 biliyoni. Za maiko akunja ndi zina zapadera, ndipo mmenemo muli kandalama ka aliyense amene amalipira DStv ku Lilongwe kapena ku Chipata, ngakhalenso amene amalipira pakhomo pa nyumba yoonetsera mpira ku Ndirande. Ndalamazi amagawana moti ngakhale timu yomwe yathera kumchira imalandira zoposa £100 miliyoni pa chaka. Khomo lina ndi la makampani omwe amalipira kuti dzina lawo lilembedwe pa jezi, pa zikwangwani kapena pa bwalo lenilenilo. Apa ndi pomwe matimu akuluakulu amasiyira anzawo kutali. Real Madrid idakhala timu yoyamba kupeza zoposa €1 biliyoni m'chaka chimodzi, mu 2023/24.

Vuto ndi lakuti ndalamazi sizigona m'nyumba. Zikangolowa zimapitirira kwa osewera ndi maejenti awo. Pa malonda ena, mwini akapeza njira yochepetsera malipiro amaonjezera phindu. Pa mpira, wochepetsa malipiro amataya osewera abwino, kenako amataya mapointi. Timu zomwe zimalipira kwambiri ndi zomwe nthawi zambiri zimathera pamwamba pa ligi, ndipo eni ake onse amadziwa zimenezi. Choncho ndalama za pa kanema zikakwera, malipiro nawo amakwera nthawi yomweyo, chifukwa aliyense akuopa kuti mnzake amulanda wosewera. Manchester United idapeza £661.8 miliyoni mu 2023/24, koma idatseka mabuku italuza £113.2 miliyoni.

Chimene chimapengetsa eni matimu kwambiri ndi mantha otuluka mu ligi. Ku America, m'maligi ngati NFL, timu ngakhale igonje masewero onse chaka chamawa ikhala momwemo, ikulandira gawo lake lomwelo, ndipo pali malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera. N'chifukwa chake timu ya Washington Commanders idagulidwa pa $6.05 biliyoni mu 2023: wogula akudziwa kuti phindu libwera, timu ipambane kapena igonje. Ku England, matimu atatu amatsika chaka chilichonse, ndipo ndalama za pa kanema mu ligi yachiwiri ya Championship ndi kachigawo chabe ka za ku Premier League. Otsikawo amapatsidwa ndalama zowapepesa kwa zaka zosaposa zitatu, koma makontirakiti a osewera amakhala adasainidwa kale pa mitengo ya kumwamba. Omwe ali pansiwo nawo amabetcha zonse kuti akwere. Kwa zaka zingapo, matimu a mu Championship onse pamodzi ankalipira malipiro oposa ndalama zonse zomwe ankapeza. Ineyo sindiona kusiyana kwake ndi njuga, kupatula kuti wobetcha akaluza, amene amavutika ndi anthu ena.

Pali mbali ina yomwe ochemerera ambiri saitsata, koma ndi imene ikulamulira msika wa osewera lero: momwe akauntanti amalembera mtengo wa wosewera. Timu ikagula wosewera pa £80 miliyoni n'kumusainitsa zaka zisanu, m'mabuku salemba kuti yawononga £80 miliyoni chaka chomwecho. Amagawa mtengowo pa zaka za kontirakiti, £16 miliyoni chaka chilichonse. Koma ikagulitsa wosewera, phindu lonse limalembedwa nthawi imodzi. Chelsea ya Boehly idaona mpata pamenepa. Idayamba kusainitsa osewera makontirakiti a zaka zisanu ndi zitatu ndi theka, monga idachitira ndi Mykhailo Mudryk ndi Enzo Fernández mu January 2023, kuti mtengo wa pa chaka uzioneka wochepa. Bungwe la UEFA lidatseka mpatawo chaka chomwecho polamula kuti mtengo usagawidwe zaka zoposa zisanu. Chomvetsa chisoni ndi zomwe kalembedwe kameneka kamachita kwa ana okulira pa timu. Mwana amene timu yamulera yokha alibe mtengo wogulira m'mabuku, choncho ikamugulitsa ndalama yonse ndi phindu. Mason Mount adapita ku Manchester United mu 2023, Conor Gallagher ku Atlético Madrid mu 2024, onse anyamata omwe adalowa ku Chelsea ali tiana. Wosewera amene ochemerera amamukonda chifukwa ndi wawo ndi yemweyo amene akauntanti amafuna agulitsidwe msanga.

Malamulo alipo. Premier League idaika lamulo loletsa timu kuluza zoposa £105 miliyoni pa zaka zitatu, ndipo Everton ndi Nottingham Forest adalandidwa mapointi mu 2023/24 chifukwa chodutsa malirewo. Koma olemera amapeza polowera. Chelsea idagulitsa mahotela ake awiri a pa bwalo lake la Stamford Bridge pa £76.5 miliyoni kwa kampani ina ya eni ake omwewo, kenako timu yake ya amayi nayonso kwa eni ake omwewo, ndipo ndalamazo zidalembedwa ngati phindu. Barcelona, yomwe ndi ya mamembala osati ya munthu mmodzi, mu 2022 idagulitsa gawo la 25 pa 100 la ndalama zake za pa kanema za mu La Liga kwa zaka 25 ku kampani ya Sixth Street. Idadyeratu za mtsogolo kuti igule osewera lero.

Tsono ngati zinthu zili chonchi, ogula amafunanji? Ena safuna phindu la ndalama n'komwe. Banja lachifumu la ku Abu Dhabi litagula Manchester City mu 2008, ndi a ku Qatar atagula Paris Saint-Germain mu 2011, chomwe ankagula ndi dzina ndi ulemu pamaso pa dziko lapansi. N'chimodzimodzi thumba la boma la Saudi Arabia la PIF, lomwe lidatsogolera kugula Newcastle United mu October 2021. Ena ndi ochemerera enieni omwe adalemera, ndipo amathira ndalama chifukwa cha chikondi kufikira thumba litauma. Koma gulu lomwe lachuluka masiku ano, makamaka la ochokera ku America, lawerengera bwino. Iwo adazindikira kuti phindu la timu silili m'mabuku a chaka ndi chaka. Lili pa tsiku logulitsa.

Onani momwe zakhalira. Mike Ashley adagula Newcastle mu 2007 pa ndalama pafupifupi £134 miliyoni, timuyo idatsika mu ligi kawiri ili m'manja mwake, ochemerera adamuda, koma adaigulitsa pa £305 miliyoni. Kampani ya Fenway Sports Group idagula Liverpool mu October 2010 pa £300 miliyoni, ndipo lero magazini ya Forbes imati timuyo ndi ya ndalama zoposa $5 biliyoni. Mitengo imakwera chifukwa matimu otere ndi owerengeka ndipo palibe amene angapange ena. Munthu atha kumanga fakitale yopikisana ndi ya mnzake, koma sangamange Liverpool yachiwiri yokhala ndi mbiri ya zaka zoposa 130 ndi anthu mamiliyoni omwe amaikonda. Wochemerera sasintha timu ngati momwe amasinthira sopo. Timu yake igonje, matikiti akwere, mwini wake akhale wachipongwe, iye akhalabe pomwepo, ndipo mwana wake adzatsata. Kukhulupirika kumeneku ndiye katundu weniweni amene amagulitsidwa. Bwalo ndi osewera ndi zongoonjezera. Ndipo apa ndi pomwe mtima wanga suvomera: chinthu chomwe chikupatsa timu mtengo chidapangidwa ndi anthu omwe sakhala nawo pa tebulo logulitsira, ndipo salandira kanthu.

Palibe nkhani yomwe imaonetsa zimenezi poyera kuposa ya Manchester United. Mu 2005, Malcolm Glazer wa ku America adagula timuyi pa ndalama pafupifupi £790 miliyoni. Zambiri mwa ndalamazo sizinali zake. Adakongola, ndipo ngongole yoposa £500 miliyoni adaisenzetsa timu yomweyo, yomwe kwa zaka zambiri idali yopanda ngongole. Zili ngati munthu wogula minibasi pa ngongole, chikole chake n'kukhala minibasi yomweyo, ndipo ndalama zonse za okwera zikumathera kubanki pomwe matayala akutha. Kuyambira pamenepo, mapaundi mamiliyoni mazanamazana omwe akadagulira osewera kapena kukonzera bwalo apita ku chiwongoladzanja. Mu 2012 banja la Glazer lidagulitsa masheya ena pa msika wa ku New York, ndipo kuyambira mu 2016 mpaka 2022 linkadzigawira phindu chaka ndi chaka, chinthu chomwe eni matimu ena a mu Premier League sankachita. Denga la bwalo la timuyi la Old Trafford lidafika podontha. Ochemerera adayesa zonse: ena adachoka n'kukayambitsa FC United of Manchester mu 2005, ena adavala zobiriwira ndi zachikasu mu 2010, ndipo mu May 2021 adathyola n'kulowa m'bwalo mpaka masewero a timuyo ndi Liverpool adalephereka. Zonsezi sizidasunthe banja la Glazer. Mu February 2024, Jim Ratcliffe adalipira ndalama zoposa £1 biliyoni kuti atenge gawo longopitirira pang'ono kotala la timuyo. Kotala yokha idaposa mtengo wa timu yonse wa mu 2005, ngongole ija ikadalipo, ndipo a Glazer akadali ndi ulamuliro. Chotsatira chake, antchito 250 adachotsedwa mu 2024, ndipo ena adatsatira mu 2025. Pa malamulo palibe cholakwa chomwe a Glazer adachita. Kwa ine, chimenecho ndiye chikuonetsa kuti malamulowo adali operewera. Premier League idadzaletsa kugula timu ndi ngongole yokhayokha mu 2023, patatha zaka 18.

Si onse amene amatuluka akumwetulira. Tom Hicks ndi George Gillett adayesa njira yomweyo ku Liverpool, ngongole idawakanika, ndipo adachotsedwa kudzera m'khoti mu 2010 atataya zomwe adaikamo. Li Yonghong adagula AC Milan pa €740 miliyoni mu 2017 ndi ndalama zina zokongola ku kampani ya Elliott, adalephera kubweza, ndipo chaka chotsatira Elliott idalanda timuyo n'kudzaigulitsa kwa RedBird pa €1.2 biliyoni mu 2022. Inter Milan nayo idalandidwa ndi Oaktree mu May 2024, itangotenga kumene ligi, eni ake a Suning atalephera kubweza ngongole ya €395 miliyoni. Pa malonda amenewa, wokongoza ndiye amagona tulo.

Matimu akuluwa akagwa pamapezeka owatola. Ang'onoang'ono ndiwo amafa. Leeds United idafika mu semifainolo ya Champions League mu 2001, idakongola podalira kuti izifikako chaka chilichonse, idatsika mu 2004, ndipo pofika 2007 idali mu ligi yachitatu ili m'manja mwa olongosola ngongole. Portsmouth idatenga chikho cha FA mu 2008, patangotha zaka ziwiri idagwa. Bury, timu yomwe idayamba mu 1885 ndipo idatengapo chikho cha FA kawiri, idagulidwa pa £1 yokha mu December 2018, kenako idachotsedwa mu ligi mu August 2019. Timu ikamagulitsidwa pa paundi imodzi, dziwani kuti chomwe chikusinthana manja ndi ngongole. Ikagwa, omwe amatsala osalipidwa ndi ogwira ntchito pa bwalo, ochapa mayunifolomu, ndi mabizinesi ang'onoang'ono a m'tauni omwe ankaipatsa katundu pa ngongole. Anthu amakonda kutchula Wrexham, yomwe akatswiri a mafilimu Ryan Reynolds ndi Rob McElhenney adaitenga mu 2021 poikamo £2 miliyoni ndipo idakwera maligi atatu motsatizana. Nkhani yabwino ndithu, koma si mwini timu aliyense amene angapange filimu yoonedwa dziko lonse yofotokoza za timu yake.

Njira ina ilipo. Ku Germany kuli lamulo la 50+1, lomwe limati mamembala a kalabu azikhala ndi mavoti ambiri kuposa wina aliyense wothira ndalama, kupatula matimu ochepa monga Bayer Leverkusen ndi Wolfsburg omwe adayambira m'makampani. Matikiti kumeneko ndi otsika mtengo ndipo mabwalo amadzadza. Otsutsa amati lamuloli limathamangitsa ndalama ndipo lathandiza kuti Bayern Munich itenge ligi zaka 11 motsatizana. Mfundo yawo ili ndi mutu. Komabe, eni matimu 12 a ku England, Spain ndi Italy atalengeza European Super League mu April 2021, ligi yomwe oyambitsa ake sakadatulukamo ngakhale atagonja, palibe timu ya ku Germany yomwe idalowa nawo. Cholinga cha ligi ija chidali kuchotsa mantha otsika aja kuti mitengo ya matimu ifanane ndi ya ku America. Idagwa pasanathe masiku atatu ochemerera atakwiya, ndipo mkwiyo womwewo udathandiza kuti mu 2025 Britain ikhazikitse lamulo lobweretsa bungwe loyima palokha loyang'anira chuma cha matimu ndi kufufuza ofuna kuwagula.

Kwa oyandikana nafe ku South Africa zinthu n'zowawa kuposa apa, chifukwa kumeneko chimene chimagulitsidwa ndi malo a mu ligi. Wogula amaloledwa kusintha dzina ndi kusamutsa timu. Bidvest Wits, yomwe idayamba mu 1921 ndipo idatenga ligi mu 2017 Gabadinho Mhango ali momwemo, idagulitsidwa mu 2020 kwa eni a Tshakhuma Tsha Madzivhandila n'kusamutsidwira ku Limpopo, kutangotsala chaka chimodzi kuti ikwanitse zaka 100. Bloemfontein Celtic, timu yomwe Amalawi ambiri ankaitsata chifukwa cha John Maduka, Limbikani Mzava ndi Mhango yemweyo, ndipo ochemerera ake ankadziwika ndi kuimba kosalekeza, idagulitsidwa mu 2021 kwa Shauwn Mkhize n'kusanduka Royal AM ya ku KwaZulu-Natal. Maduka adapita nayo ngati mphunzitsi, koma ochemerera a ku Bloemfontein adatsala opanda timu mu ligi yaikulu. Mu 2025 Royal AM idachotsedwa mu ligi italephera kusewera masewero ake kutsatira nkhani za misonkho. Timu ya zaka zoposa 50 idathera pamenepo.

Kuno kwathu nkhaniyi imaoneka yakutali, chifukwa matimu athu sagulitsidwa pa mabiliyoni a mapaundi. Angapo a mu Super League ali m'manja mwa nthambi za boma: Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, Blue Eagles ya apolisi, Moyale Barracks, Kamuzu Barracks ndi MAFCO za asilikali. Koma mbiri ya matimu awiri a anthu wamba, Bullets (Maule) ndi Wanderers (Manoma), ikuonetsa matenda ofanana. Maina okha akufotokoza: Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers, Mighty Mukuru Wanderers. Dzina lililonse ndi thumba lomwe timu idatsamira kwa kanthawi. Ndi ndalama za a Bakili Muluzi, Maule adafika mu ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004. Thandizolo litatha padadza zaka za usiwa, osewera akudandaula za malipiro, mpaka kampani ya fodya ya Nyasa Manufacturing Company idadzaitenga timuyo. Manoma nawo adagwedezeka kampani ya Be Forward itachoka, kufikira a Thomson Mpinganjira atalowererapo. Matimu onse awiri akhala akusewera pa Kamuzu Stadium, bwalo la boma, ndipo ndalama za pachipata amagawana ndi eni bwalo komanso mabungwe oyendetsa mpira. Za pa kanema n'zochepa. Chomwe timu ya kuno ingagulitse ndi wosewera wopita ku South Africa, Mozambique kapena Tanzania, ndi dzina lake basi.

Sindikutsutsa kuti matimu athu asanduke makampani. Osewera amafunika malipiro a pa nthawi yake, ndipo komiti yongodalira zopereka za anthu akufuna kwabwino siingakwanitse. Koma zomwe zachitika ku Manchester, ku Bury ndi ku Bloemfontein zikusonyeza pomwe masapota ayenera kuumirira asanavomere mwini watsopano. Afunse ngati ndalama zomwe akubweretsazo ndi zogulira masheya kapena ndi ngongole yomwe timu idzabweze iye akadzachoka. Afunse kuti malo ndi bwalo, likadzamangidwa, zilembedwa m'dzina la ndani. Mgwirizano unene poyera kuti dzina lenileni la timu, mtundu wa jezi ndi mzinda wake sizingasinthidwe popanda chilolezo chawo, ndipo mabuku a chuma azisindikizidwa chaka chilichonse kuti aliyense awerenge. A FAM ndi a SULOM, ikani zimenezi m'malamulo a ziphaso za makalabu padakali pano, matimu athu asanakhale ndi mitengo yokopa ogula ongofuna kudzagulitsa.